Mng'alu Kuseri kwa Nyumba ya a Feston

Ku Zingwangwa kuli nyumba zambiri zimene anamanga a Feston Namakhwa. Eni ake mpaka lero amawayamikira kuti khoma lawo silipindika ndipo pulasitala yawo siyoyoka msanga. Koma nyumba imene anaikonda kuposa zonse, yawoyawo, lero simungaipeze. Pamalo pake pali chigwembe chofiira ndi miyala ikuluikulu.

A Feston anabadwira ku Mulanje. Bambo awo anachokera ku Mozambique ndipo ankakhala chikamwini. Mayi a Feston atamwalira, akuchikazi anauza bamboyo kuti ukwati watha, aone kolowera. Bamboyo anakana kusiya mwana wake. Anamutenga n'kubwera naye ku Blantyre, nakhala m'kanyumba ka lenti ku Ndirande.

Tsiku lina Feston, ali ndi zaka ngati khumi, pochokera kusukulu anapeza katundu wawo yense ali panja, mvula ikuwaza. A landilodi anali atazula chitseko, ati nyumbayo akufuna kulowetsamo mphwawo. Bambo ake, munthu wamtali amene kumsika ankanyamula yekha matumba a chimanga, anali atagwada m'matope akuomba m'manja. Feston sanalire. Anangoimirira, maso ali pa mawondo a bambo akewo.

Kuyambira pamenepo mtima wake unagwira chinthu chimodzi: nyumba yakeyake, yomwe palibe munthu angadzazule chitseko chake. Anasiya sukulu n'kuyamba maganyu oponda matope ndi kunyamula njerwa. Pang'onopang'ono anaphunzira kugwira chipande chomangira ndi levulo yoonera ngati khoma lawongoka, mpaka anthu anayamba kumutchula kuti a Feston amisiri. Anakwatira Olive, mtsikana wa ku Phalombe amene ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi pomwe ankamanga, ndipo anabereka mwana mmodzi, Thandie.

A Feston anali munthu wopemphera. Kutchalitchi sankajomba, ndipo khonde la tchalitchi chawo anamanga okha osalandira kanthu. Koma pemphero lawo linali lofanana chaka ndi chaka. Ankamufotokozera Mulungu za nyumbayo monga ankafotokozera anyamata awo pa ntchito: apa pabalaza, apa chipinda cha Thandie, uku khitchini yam'kati, ndipo ndikapeza mphamvu ndidzakweza ina pamwamba. Akatero ankamaliza ndi mawu akuti, "Ambuye, pulani ndi imeneyo. Inu mungodalitsa."

Malo anawapeza kumtunda kwenikweni, m'phiri la Soche, komwe kale kunali nkhalango. Kumunsi mapoloti anali atatha, ndipo otsalawo anali a anthu amakwacha. Kuphiriko kunali kotsetsereka, koma ukaima pamenepo unkaona tauni yonse, Naperi, Ginnery Corner, mpaka phiri la Ndirande kumene anakulira. Chapamwamba pa polotiyo panali chimwala chachikulu ngati basi, chotsamira pa dothi ndi pa mizu ya mitengo imene anthu anali atadula kale.

Mayi Olive atachiona koyamba anaima nji.

"Bambo a Thandie, chimwala ichi chikutiyang'anatu."

"Mwala uwu unalipo agogo athu asanabadwe," anayankha a Feston. "Ukadikire ife kuti ugwe?"

Anasema phiri ndi piki, kusalaza, kukumba fawundeshoni yakuya kuposa ina iliyonse imene anakumbapo. Ankagwira ntchito za eni masana, madzulo n'kukwera kukaika njerwa zingapo zawo. Zinatenga zaka. Tsiku lolowa m'nyumbayo anatsegula ndi kutseka chitseko kangapo, akungoseka okha.

Chimwemwe chotero sanafune kuchidya okha. Anali ndi mnzawo wa pamtima, a Kalisto, telala wa mumsika wa Zingwangwa, amene ankaimba nawo besi m'kwaya. A Kalisto ndi akazi awo, mayi Doreen, anali atatopa nazo za lenti. A Feston anawasonyeza poloti yomwe inali m'munsi pang'ono mwa yawo, nawamangira nyumba ya zipinda ziwiri. Madzulo amuna awiriwa ankakhala pakhonde kuyang'ana magetsi a m'tauni akuyaka, a Kalisto akusoka mabatani.

Mu Januwale 2022 kunagwa mvula ya namondwe Ana. Nyumba zina zakumunsi zinagwa, koma ya a Feston sinadonthe n'komwe. Kutchalitchi anaimirira n'kuchitira umboni. Patapita masabata angapo, akulambula kuseri kwa nyumba, anaona mng'alu m'nthaka. Unayambira pansi pa chimwala chija, kudutsa m'dimba la masamba, n'kukathera pakona ya khitchini. Unali wopyapyala, wongolowa chala. Anaukwirira ndi dothi n'kupondaponda.

Kenako chitseko cha kuchipinda chinayamba kuvuta kutseka. Anachipala. Chinavutanso. Pansi pa khitchini panayamba kuchita chinyezi ngakhale m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Mtengo wa mapeyala umene anabzala chaka cholowera m'nyumbayo unayamba kupendekera kumunsi. Tsiku lina a Feston anaika levulo pawindo la pabalaza, windo lomwe analiika okha mosamala. Kadontho ka m'levulomo kanathawira mbali imodzi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaibweza m'chikwama osauza munthu.

Mayi Olive sankafuna levulo kuti adziwe. Madzi akatayika pansi ankayenderera okha kupita kukona imodzi.

"Nyumbayi ikuyenda, bambo a Thandie."

"Nyumba iliyonse imakhazikika. Ndi ntchito yanga imeneyi, ndikuidziwa."

"Ine ndinali mtsikana ku Phalombe chaka cha 1991, pamene Napolo anatsika m'phiri. Ndinaona midzi itasanduka mchenga. Tiyeni tikafune kanyumba kumunsi, ngakhale ka lenti, mvula ikatha tidzabwerera."

Mawu akuti lenti anawabaya a Feston ngati minga.

"Mayi, Mulungu anatipatsa nyumba ino. Tikaithawa ndiye kuti tikumuuza kuti sangathe kuisunga. Chikhulupiriro chanu chili kuti?"

Mayi Olive anakauza a Onesimo, mkulu wa mpingo wawo, bambo wachikulire amene anapuma ntchito ya uphunzitsi. A Onesimo anakwera phirilo ndi ndodo yawo, akupumira m'njira. Anapeza a Feston akumata simenti pamng'alu wina umene unatulukira pakhoma la khitchini. Anakhala pa njerwa n'kumaonerera.

"Mwamata bwino," anatero. "Kodi pansipo mwamatanso?"

"Tikupemphera, akulu. Mulungu agwira phiri lake."

"Angathe, inde. Koma ndikufunseni, a Namakhwa. Ndakumvani mukupemphera zaka zambiri. Mumamuuza Mulungu zoti achite, ndipo mumamuuza momveka bwino. Munayamba mwamufunsapo kuti Iye akufuna chiyani ndi inu?"

"Angafune kuti mwana wake azigona panja?"

"Sindikudziwa chimene akufuna. N'chifukwa chake ndikuti mumufunse."

A Feston anapitiriza kumata. Mkuluyo atatsika, a Feston anauza akazi awo kuti nkhani za m'nyumba asamazitulutse kunja.

Mu Malichi 2023 wailesi inayamba kuchenjeza za namondwe Freddy, kuti okhala m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mapiri asamuke. Thandie, amene tsopano anali pabanja ku Chilomoni, anaimba foni akulira kuti makolo ake apite kwa iye. A Feston anamuuza kuti Ana anabwera n'kupita, uyunso apita.

Mvula inayamba Loweruka. Sinali ya mabingu kapena ya ziphaliwali. Inkangogwa, yosalekeza, ndi mphepo yozizira. Pofika Lamulungu phiri lonse linali litabisika mu nkhungu, chimwala chija chikungooneka ngati chithunzithunzi chakuda. Palibe anapita kutchalitchi. Masana madzi anayamba kutumphuka pansi pa khitchini, pakati penipeni pa simenti, ngati kasupe. Poyamba anali oyera. Kenako anafiira.

Mayi Olive anatsegula chitseko cha kuseri n'kununkhiza mpweya. Nkhope yawo inasintha.

"Mukulimva fungo ili? Fungo la dothi longokumba kumene, ngati kumanda. Ku Phalombe kunanunkha chonchi."

Analowa kuchipinda, namanga zovala pang'ono m'chitenje, nabwerera n'kuima pamaso pa amuna awo.

"Ine sindinakusiyenipo chikwatirane. Lero sindikufuna kukusiyani. Koma muno sindigonamo."

A Feston anatenga khasu n'kutuluka, ati akapatutse madzi. Atafika kuseri anaima. Mng'alu uja unali utatseguka moti mwendo wa munthu ukanalowa. Madzi onse otsika m'phiri ankathira mmenemo n'kuzimirira, osatulukira kwina. Agalu a m'dera lonselo, amene ankauwa chiyambire m'mawa, anali atangoti zii. Ndiye anamva kaphokoso pansi pa mapazi awo, kotsikitsitsa, ngati lole yodzaza ikudutsa kutali. Kanaleka. Kanayambanso.

Anagwada m'matopemo, mvula ikuwamenya pamsana. Anatsegula pakamwa kuti apemphere monga mwa masiku onse, kuti Mulungu agwire apa, atseke apo. Mawu sanabwere. Anadziwa kuti zimene akufuna kupempha n'zoti Mulungu awathandize kupitiriza kudzinamiza. Pamapeto pake anangoti, "Ambuye, zaka zonsezi ndakhala ndikulankhula ine. Ndilibenso pulani. Chimene mukuona Inu ine sindikuchiona. Nditengeni mundipititse kumene mukufuna."

Sanamve liwu lililonse. Mvula sinachepe. Koma ataimirira anapeza kuti mantha a lenti, amene anawasenza kuyambira ali mwana, awachokera. Khasu analisiya pomwepo.

"Tiyeni," anauza akazi awo.

Anatsikira kwa a Kalisto. Anawapeza atakhala pamakina awo osokera, atawafunditsa pepala la pulasitiki chifukwa denga linkadontha.

"Achimwene, tiyeni titsike. Phirili latseguka kuseri kwanga. Ndaona ndi maso."

A Kalisto anaseka. "Inu amisiri omwe? Si inu munati fawundeshoni iyi ingapirire chilichonse?"

"Ndinatero. Fawundeshoni ndi yolimba, koma nthaka imene yakhalapo ikuchoka. Ndinaona zizindikiro chaka chatha, sindinakuuzeni. Chonde, tiyeni."

"Ndikasiya makinawa, mawa ndipeza anyamata atanyamula. Ndidzadya chiyani? Muli mayunifomu a eni muno. Tengani alamu anuwa mupite nawo. Ine ndibwera kukacha, mvula ikadukiza."

A Feston anachonderera. Anati athandizane kunyamula makinawo, koma njira inali itasanduka mtsinje, ndipo munthu wopanda katundu yemwe ankatsika chokwawa. Anawagwira mnzawoyo pamkono kuti awakoke. A Kalisto anauchotsa mkonowo mofatsa.

"Pitani, amwene. Mulungu ali konkuno."

Mayi Doreen anatsika nawo, akucheuka. Anafika kutchalitchi kukuyamba kuda, napeza anthu ena ambiri atakhala pamabenchi ndi mitolo yawo, ana akulira, zovala zikudontha.

Kukucha, anthu akuyamba kudzuka, kunamveka chiphokoso chimene aliyense amene anachimva amalephera kuchifotokoza. Mawindo a tchalitchi ananjenjemera. Chinatenga kanthawi kochepa chabe, kenako kunangotsala mvula. Mayi Doreen anaimirira, nayenda mpaka pakhomo, nakhala pansi pomwepo.

Nkhungu itayera pang'ono, anaona mzere wofiira utatsika m'phiri kuchokera pamwamba, wotakata ngati bwalo la mpira. Chimwala chija panalibe. Nyumba ya a Feston panalibe, ya a Kalisto panalibe, ndi zina zambiri m'munsi mwake.

A Feston anakwera ndi amuna ena, atanyamula makasu ndi mafosholo. Matope ankafika m'chiuno. Iwo ndiwo ankadziwa pamene panali nyumba iliyonse, poti zambiri anamanga okha, choncho ankaloza pokumba. Anatulutsa amoyo ochepa ndi akufa ambiri. A Kalisto anawapeza patapita masiku, kutali ndi pamene panali nyumba yawo, pansi pa malata opindika.

Maliro atatha, a Feston anakhala ngati munthu wotheratu. Anakhala miyezi ingapo kwa Thandie ku Chilomoni, kenako anapeza chipinda chimodzi cha lenti ku Machinjiri. Chipande sanachigwire. Kutchalitchi anasiya. Mayi Olive ndiwo ankadyetsa banja ndi geni ya tomato. A Onesimo atabwera kudzawaona, a Feston sanawapatse ndi moni womwe.

"Ndinamufunsa Mulungu, monga munanenera. Wanditulutsa ine, wolakwa, n'kusiya Kalisto. Ndi nzeru yanji imeneyo?"

"Sindikudziwa," anatero a Onesimo. "Ndikanama ndikati ndikudziwa."

Anakhala limodzi mpaka dzuwa kupendeka.

Amene anawadzutsa anali mayi Doreen. A Feston ankawazemba chichitikire maliro, koma tsiku lina mayiwo anangotulukira pakhomo, atavala zakuda. A Feston anafuna kugwada. Mayi Doreen anawaletsa.

"Alamu, sindinabwere kudzamva kupepesa. Munatiitanira kuphiri ndinu, n'zoona. Munaona mng'alu osatiuza, n'zoonanso, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero. Koma tsiku lija munabwera kudzatitenga. Ine ndili moyo chifukwa munagogoda pakhomo pathu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Achimwene anga andipatsa kamalo kuno ku Machinjiri, pansi, pafulati. Ndilibe wondimangira. Manja muli nawo. Mukhala mukuwayang'ana mpaka liti?"

M'mawa mwake a Feston anakabwereka chipande ndi levulo. Nyumba ya mayi Doreen inali yaing'ono, ya chipinda ndi pabalaza, koma akuimanga anayambanso kupemphera, mawu ochepa, nthawi zambiri funso lokha: lero mukufuna ndione chiyani? A Feston amati chimene anayamba kuona ndi anthu. Kale akalowa pamalo ankaona makoma okhaokha, awa owongoka, awa okhota. Tsopano ankaona mayi wogona m'kalasi ndi ana ake chigwereni nyumba yake, nkhalamba yokhala m'tenti yong'ambika. Anabwerera kutchalitchi, ndipo ndi a Onesimo anasonkhanitsa amuna ndi amayi oumba njerwa Loweruka lililonse, kumangira mabanja amene anatsala pamtetete. Amamanga pang'onopang'ono, poti simenti ndi yodula, koma amamanga.

Iwo eni akadali pa lenti. Mayi Olive amati amuna awo masiku ano amagona tulo, chinthu chimene sankachita m'nyumba yakuphiri. Ntchito za m'mapiri amazikana, ngakhale mwini wake atalonjeza zochuluka bwanji, ndipo ena ayamba kuwanena kuti namondwe anawasokoneza mutu.

Chimene chimawasowetsa mtendere n'chakuti anthu abwerera kuphiri. Chaka chatha, mvula ili pafupi, anamva kuti wina akukumba m'mbali mwa chigwembe chija. Anakwera minibasi mpaka ku Zingwangwa, nakwera phirilo wapansi. Udzu unali utamera pamatope aja, koma apa ndi apo pankatulukira nsapato, chidutswa cha mbale, waya wa bedi. Anapeza bambo wachinyamata, dzina lake Venansio, mlonda wa pa sitolo ina ku Limbe, akusema phiri ndi piki. Mkazi wake anakhala pa mwala akuyamwitsa khanda.

A Feston anapereka moni, nadzitchula dzina, nafotokoza zonse: mng'alu, madzi ofiira, a Kalisto. Anamusonyeza pamwamba pomwe panatsala miyala ina itangolenjekeka, dothi la pansi pake litakokoloka.

Venansio anamvetsera mwaulemu, atatsamira piki yake.

"Ndamva, madala. Koma phiri linagwa kale, zogwa zinatha. Komanso ndikakhale kuti? A landilodi andiuza kuti mwezi uno ndituluke. Ndi mwana uyu ndipite kuti?"

A Feston funsolo ankalidziwa bwino.

"Yankho lonse ndilibe, mwana wanga. Koma bwerani ku Machinjiri Loweruka, mudzafunse gulu loumba njerwa la kutchalitchi. Tidzakhale pansi, tione chimene Mulungu angatsegule. Pano pokha ayi."

"Ndiganizira," anatero Venansio.

Mkazi wake sanachotse maso pa miyala ija. A Feston akutsika anamva piki yayambanso kugunda kumbuyo kwawo. Chakum'mawa mitambo inali itaunjikana, yakuda bii, ndipo mphepo inali itayamba kuzizira.

Anafika kunyumba madontho oyamba akugwa. Mayi Olive anali kuanula zovala.

"Wamva?" anafunsa.

"Mwamunayo ayi. Koma mkaziyo wamva." Anavula nsapato zamatope n'kuziika pakhonde. "Akapanda kubwera Loweruka, ndipitanso. Ulendo uno mudzandiperekeze, mukalankhule naye inu."